Pemphero Langa pa Kanema wa Latifu

Rosettenville, Joni
3 Malichi 2024

Okondedwa amake Gloria,

Chisomo ndi mtendere zikhale ndi inu, ndi onse a pakhomo pathu. Ndiyamba ndi kufunsa za moyo wanu: kodi bondo lija laphwa? Gloria ndi ana ake ali bwanji? Ine kuno ndili moyo mwa chifundo cha Mwini moyo, kungoti chifuwa chimandikumbutsa zaka zanga m'mawa uliwonse.

Kalata yanu ndinailandira m'manja mwa Bizweki, mwini lole, ndipo ndam'patsa marandi 700 kuti akutengereni. Ndidziwa kuti achepa poyerekeza ndi a chaka chatha. Zinthu zakwera kuno monganso kwanuko. Mugule thumba limodzi la chimanga, ndipo zotsalazo mupatse anthu opirikitsa mbalame ku mpunga, pakuti mukachedwa mbalamezo zidzakolola m'malo mwanu. Denga la khitchini liyambe ladikira.

Mwalemba kuti Latifu, mwana wa mnzanga Che Amidu, watsegula nyumba yoonetsera mafilimu pa Kachulu, pafupi ndi mathandala pamene mumayanika matemba. Ndi kuti akulu a mpingo anzanga afuna kumva maganizo anga ngati nkoyenera Mkhristu kulowamo. Ndidzayankha monga mwa zimene maso anga anaona. Zaka khumi ndi chimodzi ndinasamala munda wa maluwa wa adona okalamba aja, ndipo masana, posowa wocheza naye, ankandiitana kuti ndikhale pa mpando wa pakhomo tione kanema. Chotero ndaona zambiri, zina mosafuna.

Mafilimu omenyana aja, amene anyamata amawaikira mawu a Chinyanja ndi kupatsa womenya aliyense dzina lachipongwe, sindiwaopa kwambiri. Ndi phokoso chabe longa la achule a m'dambo; ngakhale mwana adziwa kuti wakufayo adzauka nakalandira malipiro ake. A ufiti ndi chuma cha magazi amadya nthawi, nasiya mantha m'mitima ya ana. Koma amene moyo wanga unyansidwa nawo ndi awa: amatsekera anthu enieni m'nyumba imodzi, naika maso a makina m'chipinda chilichonse, kuti dziko lonse lione pokangana iwo, polira, ngakhale posamba. Ena amaitana mwamuna ndi mkazi wake kuti anyozane pamaso pa khamu loomba m'manja. Mukumbukira kholo lija la m'Buku Lopatulika linaledzera ndi kuvula m'hema mwake. Mwana mmodzi anaona, natuluka kukauza ena. Koma awiri anatenga chofunda, nayenda chambuyo kufikira atam'funditsa. Mafilimu otere ndiwo ntchito ya mwana woyambayo, ndipo woonera agawana naye tchimolo.

Amene ndiwavomereza ndi aja oonetsa zolengedwa ndi moyo wa anthu monga ulili. Tsiku lina tinaona ya mbalame zouluka kuchokera ku maiko achisanu, ndipo ndinazizindikira: ndi zomwe zija zimatera m'mabango a ku chilumba cha Chisi mvula ikayamba. Misozi inandituluka, adona nayesa kuti ndadwala. Muwauze akuluwo motere: a masewera nthawi zina, a chipongwe ayi, a zoona inde.

Makalata musawatumizenso ku nyumba ya adona. Muzingom'patsa Bizweki m'manja, iye adziwa pondipeza. Chifukwa chake nchachitali. Foni ndilibe masiku ano, ndipo sindidandaula, pakuti mawu a pa foni amamveka doko lonse, koma kalata ili ya anthu awiri.

Ine mwamuna wanu,
Grain Namakhwa


Rosettenville, Joni
14 Epulo 2024

Che Amidu, mbale wanga,

Mtendere ukhale nanu, pamodzi ndi mayi Hadija ndi ana. Ndikhulupirira kuti msana ukukulolani kupalasa, ndi kuti nyanja yatsegula dzanja lake chaka chino. Ine thupi lili nganganga, koma mtima sukhala pansi.

Tinakulira m'bwato limodzi, inu kupemphera kwanu, ine kwanga, ndipo simunatulutsepo chinsinsi changa pa doko. Chifukwa chake ndilembera inu chimene ndalephera kulembera mkazi wanga. Muwerenge muli nokha.

Adona anamwalira mu Sepitembala. Ana awo anadza kuchokera kutsidya kwa nyanja, nagulitsa nyumba, nandigwira chanza. Miyezi iwiri ndinayenda pa zipata kufuna ntchito ya m'munda, koma yense poona imvi zanga anati adzandiitana. Tsopano ndimatola mabotolo a pulasitiki, zitini ndi makatoni m'mabini a m'misewu, ndi kukoka ngolo ya timawilo kunka nazo ku sikelo. Ndimagona m'chisakasa cha malata kuseri kwa galaja ina, pamodzi ndi amuna awiri a ku Lesotho, anthu aulemu. Ntchito siichititsa manyazi, ndidziwa, ndipo ndalalikirapo chomwecho. Koma dzina langa linalembedwa pa mwala wa tchalitchi chathu chifukwa cha malata amene ndinagula, ndipo amake Gloria amayenda pa Kachulu monga mkazi wa munthu wodulira maluwa a azungu. Ndinati ndidikire mwezi umodzi ndisananene, kufikira nditapeza munda wina. Mweziwo wabala miyezi isanu ndi iwiri.

Tsono imvani kupusa kwanga. Mu Febuluwale anadza achinyamata atatu ndi makina ojambulira, nati alikukonza filimu ya ife otola mabotolo. Ndinakana kawiri. Kachitatu mtsikana wowatsogolera anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, nandifunsa dzina la nyanja ya kwathu. Palibe anandifunsapo chimenecho m'dziko lino. Ndinayamba kum'fotokozera za Chilwa, m'mene imaumira mpaka anthu kupalasa njinga kunka ku Chisi, ndi m'mene imabwerera ndi matemba ake. Ndipo ndisanazindikire ndinali nditasaina pepala lawo. Ananditsata masiku anayi, atandipana pa kolala kamakina kakang'ono ngati chikumbu, kotola mawu. Anati filimuyo idzaonetsedwa m'misonkhano ya ku Ulaya. Ndinati mumtima mwanga: Ulaya ndi kutali, ndani wa kwathu kwa Kuntumanji adzapita kumeneko?

Mwezi wathawu ndinalembera akulu a mpingo, kudzera kwa mkazi wanga, kuti mafilimu a zoona ngoyenera kuonera. Ndinalemba ndi mtima wa mphunzitsi, ndipo nditangopereka kalatayo kwa Bizweki ndinakumbukira kuti inenso ndili m'filimu ya zoona.

Funso langa ndi ili: zimene Latifu aonetsa amazitenga kuti? Kodi chinthu chooneka ku Ulaya chingathe kufika pa Kachulu? Mum'funse mwanzeru, monga munthu wongofuna kudziwa za makono.

Mnzanu wa m'bwato,
Grain


Rosettenville, Joni
26 Meyi 2024

Okondedwa amake Gloria,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Ndakondwa kumva kuti bondo likulolani kufika ku tchalitchi wapansi, ndi kuti malungo a mwana wa Gloria atha. Kuno chisanu chalowa msanga. Madzi a m'ndowa amaluma zala. Musade nkhawa, ndimavala juzi ija munanditumizira.

Matumba khumi ndi anayi a mpunga ndi dalitso, tiyamike. Musagulitse tsopano pamene mavenda adzaza pa doko ndi sikelo zawo; musunge kufikira Okutobala, kupatula awiri a chakhumi ndi zosowa za pakhomo. Matemba munanditumizira ndinagawana ndi anzanga okhala nawo. Ndatumiza marandi 500.

Mwapempha chithunzi changa nditaima pakati pa maluwa, monga ndimachitira chaka ndi chaka. Chaka chino chisanu chawatentha, mulibe chokongola. Chakale chija chipitirize kukhala pa khoma.

Tsopano za mafilimu. Mwandiuza kuti akulu anawerenga mawu anga pamaso pa mpingo, ndi kuti Latifu, pomva kuti a zoona avomerezedwa, wayamba kuwaonetsa Loweruka lililonse masana. Ndi kuti inu ndi amayi a Mvano mwaona kale ya njovu ndi ina ya asodzi a dziko lakutali, amene maukonde awo munawaseka kuti ngosokedwa mwaulesi. Ndiyenera kuvomera kuti ndinafulumira kulankhula. A zoona nawonso ali ndi mbuna yake. Wojambula amasankha. Amatsata munthu masiku anayi, nadula masikuwo akhale theka la ola, ndipo chimene wasiya simudzachiona. Akafuna kuti mulire adzakuonetsani nsapato yong'ambika, nabisa kuti mwini wake ali nayo ina ya pa Sabata. Munthu angathe kuoneka wosauka koposa m'mene alili.

A nyama ndi mbalame onerani, pakuti njovu ilibe mkazi woti achite manyazi. Koma a anthu, makamaka a kuno ku Joni, ndikupemphani muwaleke. Adzangokuvutitsani mtima pachabe, mudzayamba kuganiza kuti aliyense kuno ali m'masautso. Latifu akalengeza yotere, inu mupite kukatembenuza matemba anu.

Musawauze akulu kuti ndasintha mawu. Ndidzawafotokozera ndekha nthawi yake ikakwana.

Ine wanu,
Grain Namakhwa


Rosettenville, Joni
30 Juni 2024

Che Amidu,

Mtendere ukhale nanu. Ndamva za chimfine cha mayi Hadija, Mulungu awachize. Ine ndikutsokomola, ndipo phazi lamanzere linapondedwa ndi ngolo. Ndiyenda, koma mokoka.

Yankho lanu ndinalilandira. Mwati Latifu anaseka, nati chilichonse cholowa pa intaneti m'mawa chimafika pa Kachulu dzuwa lisanapendeke. Inunso munayamba mwanditcha katswiri wa pa kanema, kenaka munalemba kuti nsomba yobisa pansi pa mphasa imadziulula yokha, ndiuze mkazi wanga. Mwanena zoona. Koma imvani chimene chaonjezeka.

Sabata yatha anandipeza ku sikelo mtsikana wina, dzina lake Pilirani, wa ku Zomba konko, wophunzira pa sukulu ya ukachenjede kuno. Ndiye amene ojambula aja anam'lemba ntchito yomasulira mawu anga m'Chingerezi, kuti azioneka m'munsi mwa chithunzi. Anandigwadira pa fumbi la pa sikelo pomwepo, anthu akuona, nati ali ndi chondionetsa chisanatuluke. Tinakhala pa makatoni, natsegula kompyuta yake.

Ndinali nditakonzeka kuida filimuyo, ndipo ichi ndicho chindisautsa: sindinathe. Sananditonze. Sanaike nyimbo zomvetsa chisoni. Anaonetsa manja anga akusankha mabotolo, ndi kuti ndikatha kutola ndimabwezera zinyalala ndi kutseka bini monga ndinalipezera, chinthu chimene sindinadziwe kuti munthu anachiona. Anaonetsa anzanga a ku Lesotho akundiphunzitsa kutsetsereka pa chitunda ngolo osanditaya. Anasiya mawu anga onse a za Chilwa. Ndikanakhala munthu wina, ndikanati kwa akulu: iyi ndiyo yoyenera kuonera.

Koma chakumapeto ndinaona msana wanga, nditagwada kuseri kwa galaja, monga ndichita m'mawa uliwonse ndisanagwire ngolo. Che Amidu, zaka khumi ndi ziwiri m'dziko lino chinenero chathu chakhala kwa ine ngati chipinda chotseka. M'basi, m'sitolo, pa msewu, ndimalankhula ndi Mulungu mokweza, ndipo palibe amamva. Amayesa nkhalamba yong'ung'udza. Ojambulawo anaima patali, ndipo sadziwa Chinyanja. Ndinaiwala kachikumbu ka pa kolala. Ndinadzimva ndekha ndilikunena:

"Atate, mkazi wanga Emily asadziwe. Ndam'namiza miyezi isanu, ndipo mawa ndidzam'namizanso. Mundilange ine monga mufuna, koma iye asaone manja awa."

Ku Ulaya adzawerenga mawuwo m'Chingerezi, nadzaiwala. Pa Kachulu safuna womasulira.

Pilirani anati pozimva analira, ndipo anakauza wotsogolera uja kuti munthu wamkulu sajambulidwa chomwecho osafunsidwa. Wotsogolerayo anadza yekha mawa lake, napepesa, nati ndikanena mawu amodzi adzachotsa pempherolo filimuyo isanalowe pa intaneti pa 10 Ogasiti. Anandipatsa kufikira Lachisanu. Atapita ndinayamba kudzifunsa. Kodi mkulu wa mpingo anganene kuti, fufutani pemphero langa? Chaka chonse chino ndalemba makalata osalala, ndipo mawu oona okhawo amene ndinalankhula ndi amenewo. Ndiwachotse iwo, ndisiye mabodza? Lachisanu linafika, linapita, pempherolo likali m'filimumo.

Ndipo taonani kufooka kwa munthu: chimene ndinalephera kuchotsa kuno, ndikupemphani inu muchitseke uko. Muletse Latifu asaionetse. Ndidzalembera amake Gloria ndekha, ndipatseni nthawi yokha.

Grain


Rosettenville, Joni
4 Ogasiti 2024

Okondedwa amake Gloria,

Moni wa chikondi kwa inu ndi ana. Ndikhulupirira kuti mphepo ya mwera siinadzutse bondo. Ine ndilipo. Chifuwa chachepako.

Mwachita bwino kuthira mankhwala mpunga. Bwato la mlamu wanu likafuna phula, mum'thandize ndi thumba limodzi, pakuti ndiye amakubweretserani matemba pa mtengo wa pachibale. Mbuzi yaikazi ija musagulitse. Ndatumiza marandi 400, ndi sopo, ndi mafuta opaka pa bondo.

Kalata iyi ndaiyamba kasanu. Pepala lakwera mtengo, ndipo ndawononga lambiri.

Pali nkhani imene ndinayenera kukuuzani kale. Adona anatisiya, Mulungu anawatenga. Ntchito ya maluwa inatha. Ndili ndi ntchito ina ya manja, yoona mtima, yosaba cha munthu, koma yosiyana ndi ija. Pokhala panganso pasintha. Sindinakuuzeni msanga chifukwa ndinayembekeza kuti zidzakonzeka musanazimve, ndipo munthu akayamba kudikira tsiku labwino lonenera chinthu, tsikulo limathawa patsogolo pake ngati madzi a Chilwa chaka cha chilala.

Mwina mudzamva anthu pa doko akunena kuti andiona pa kanema. Musakhulupirire zonse, musakanenso zonse. Mukandikonda, musapite kukaona. Dikirani ndidze ndikufotokozereni ndi pakamwa panga, titakhala pa khonde, mwa dongosolo lake. Muli mawu ena m'menemo amene sanali a makutu a munthu.

Bizweki anyamuka mawa. Wandilonjeza kuti akayenda bwino pa zipata za malire adzafika pa 9. Ndam'pempha kuti asayambe watsitsa katundu ku Limbe, koma adze kwa inu poyamba.

Mundikhululukire pa zimene mwamva, ndi pa zimene simunamve.

Mwamuna wanu,
Grain


Rosettenville, Joni
8 Sepitembala 2024

Amake Gloria,

Ndikhulupirira muli moyo. Ine ndili moyo.

Ndamva kwa mphwake wa Bizweki kuti lole inafera ku Tete, nikhala komweko masabata awiri kudikira chitsulo. Chotero sindidziwa chimene chinayamba kufika kwa inu, kalata kapena chinacho.

Kuno filimu ya pa kanema ija yatuluka. Dzana mzungu wina anaimitsa galimoto, natsitsa galasi, nanditchula dzina langa. Mnyamata wa ku Chisi wogulitsa zipatso pa siteshoni anandiona, nachotsa chipewa. Ndipo ndinadziwa kuti waiona.

Kwa inu sikunabwere mawu, kwa Che Amidunso ayi. Ndalemba iyi kudzera kwa dalaivala wina wosam'dziwa bwino, chifukwa chake sindinaikemo ndalama. Ndilembereni, ngakhale akhale mawu a mkwiyo. Mkwiyo ndidzausenza, chete uyu ndiye andilemera koposa ngolo.

Grain


Rosettenville, Joni
6 Okutobala 2024

Emily, mkazi wanga,

Ndikutchulani dzina lanu pa pepala, popeza doko lonse landimva kale ndikulitchula. Moni. Ndayamika kumva kuti muli bwino, ndi kuti kuchedwa kwa yankho lanu sikunali matenda, koma kuti munafuna, monga mwalembera, ndilaweko kudikira. Ndalawa.

Bizweki anandipatsa kalata yanu ndi mtolo. Ndaiwerenga kufikira ndaiphunzira pamtima, ndipo ndidzabwereza zimene mwandiuza kuti muone ngati ndamva bwino. Amayi ogula nsomba a ku Zomba anayamba kukulozani ndi milomo potsika minibasi. Gloria anaiona filimuyo pa foni, nabisa masiku atatu, kufikira munam'panikiza. Munakana kuionera pa foniyo, munati mwamuna wanu simungamuone pa kagalasi ka m'thumba ngati mmisiri wometa. Munapita kwa Latifu, iye nati atate ake aletsa. Munapita kwa Che Amidu alikusoka ukonde, nimuwauza kuti aphimba mnzawo mokwanira, nsabwe zingayambe kuswana m'chofundamo. Ndipo Loweruka masana nyumba ya Latifu inadzaza, a ku tchalitchi ndi a ku mzikiti pa mabenchi amodzi, inu kutsogolo.

Mwati pamene msana wanga unaoneka nditagwada, Che Amidu ananyamuka, natenga nsalu ija Latifu amaphimbira kanema poopa fumbi, nayenda nayo maso ali pansi. Powerenga pamenepo ndinaika kalata pansi. Mnzanga anafuna kundichitira chimene anachita ana awiri aja a kholo loledzera. Koma inu munati:

"Khalani pansi, Che Amidu. Akutchula dzina langa. Ndimve."

Kalata yanga ya mu Ogasiti inafika patapita masiku asanu ndi anayi. Mwalemba kuti munaiwerenga kawiri kufunafuna ngolo, mabini ndi chisakasa, osazipeza. Ndi kuti masamba anga awiri ananena zochepa koposa mphindi imodzi ya msana wanga. Sinditsutsa. Ndipo mawu awa ndiwo andilasa, nandichizanso:

"Abambo ake a Gloria, zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikumva mapemphero anu ochapa ndi ositasita. Ili lokha ndi limene ndinamva la inu eni ake. Munapempha Mulungu kuti ndisadziwe, wakana. Mkulu wa mpingo akakanizidwa amati Amen."

Amen, Emily.

Sindidzinyenga kuti zonse zatha. Mwanena kuti anyamata a pa doko anditcha kale Mkulu wa Mabini. Nzoyenera, ndinati sindiopa maina awo achipongwe, tsono ndisenze langa. Mwanenanso kuti m'bwalo la akulu ena afunsa ngati munthu wonamiza mkazi wake chaka chathunthu ayenera kugawa mgonero, osati chifukwa cha mabotolo koma chifukwa cha bodza. Afunsa bwino. Ndidzaima pamaso pawo, ndipo akandikhazika pambali ndidzakhala. Dzina la pa mwala likhale kapena lifufutidwe, malatawo sadontha.

Za funso lawo la mafilimu, ndawayankha kawiri, poyamba ndi kunyada, kachiwiri ndi mantha. Muwauze kuti kachitatu akafunse inu. Ine ndinkadziwa anthu a mitundu iwiri yokha: woona nakaseka, ndi wokana kuona. Inu munaonera filimu yonse, ndipo chimene munatolamo sichimene ojambula analoza. Munaona kuti juzi yabooka pa chigongono, kuti ndimatsokomola ndisanalankhule, ndi kuti pa mphasa yanga m'chisakasa munali makatoni m'malo mwa chofunda. Nditamasula mtolo wanu ndinapeza bulangete la pa bedi lathu, likununkha utsi wa matemba. Lafika chisanu chitatha. Kuno kwayamba kutentha, ndipo anzanga a ku Lesotho andiseka kuti ndidziphika ndekha. Ndimafunda lomwelo.

Mwalamula kuti ndibwere mvula isanagwe, pakuti nyanja yadzaza, munda wa mpunga ufuna mwini wake, ndipo mwatopa kulipira anthu opirikitsa mbalame pamene muli ndi mwamuna wodziwa kufuula. Ndamva. Ngolo ndidzaisiyira mnzanga wamkuluyo, yake yatha mawilo. Bizweki abwereranso pa 12 Novembala, ndipo wandilonjeza malo kutsogolo chifukwa cha phazi, limene ndiyenera kukuuzani tsopano kuti silili bwino monga ndikanafuna. Mpunga mugulitse theka, mitengo yakwera. Denga la khitchini ndidzafolera ndekha.

Mukauze Che Amidu kuti sindinaone mnzanga wina wotere. Mukauzenso Latifu kuti asaifufute. Ndifuna kudzaionera pa benchi lomwelo, nditakhala pambali panu, kuyambira poyamba. Pofika pa msana wanga sindidzatuluka. Koma mudzandilole kuweramitsa mutu, pakuti munthuyo alikupemphera.

Ine mwamuna wanu, wobwera,
Grain Namakhwa